ZA MAKINA: Mitolo ya zilembo 128 pa waya wa lamya

M'caka ca 1977, munthu wa ku America amene anali ndi kompyuta m'nyumba mwake anali ngati mlimi amene wakolola zambiri koma alibe ngolo. Akalemba pulogalamu yabwino, njira yodalirika yopatsira mnzake inali kunyamula disiki kapena tepi ndi kupita nayo, apo ayi kuitumiza pa positi.

Lamya inalipo, ndipo kacipangizo kochedwa modemu kanaliponso. Nchito ya modemu ndiyo kusandutsa manambala a kompyuta kuti akhale kulira kwa mitundu iwiri, kwina kokwera, kwina kotsika, kumene kumayenda pa waya monga mau a munthu. Modemu za anthu wamba panthawiyo zinali kutumiza zilembo pafupifupi 30 pa sekondi imodzi.

Bvuto linali pa waya. Lamya anaikonzera makutu a anthu, ndipo munthu akamva kuthetheka pakati pa nkhani amangopempha mnzake kuti abwereze. Kompyuta siidziwa kuti yaphonya mau. Cilembo cimodzi cikalakwika m'kalata, wowerenga amalota yekha cimene cinayenera kukhalapo, koma cikalakwika m'pulogalamu makina akhoza kungoima, ndipo ndalama zonse zolipirira lamya zapita pacabe.

Amene anathetsa bvutoli mwa njira yosabvuta anali Bambo Ward Christensen, wanchito wa kampani ya IBM, amene anali kukhala pafupi ndi mzinda wa Chicago. M'caka comweco ca 1977 iwo analemba pulogalamu yochedwa MODEM, imene njira yake inadzadziwika ndi dzina lakuti XMODEM.

Nzeru yao inali yakuti uthenga usapite wonse nthawi imodzi. Pulogalamu yotumiza imaudula m'mitolo ya zilembo 128, pakuti uwu ndiwo unali muyeso wa zigawo za faelo pa makompyuta oyendera CP/M. Patsogolo pa mtolo uliwonse imaikapo cizindikiro cakuti mtolo wayamba, kenaka nambala ya mtolowo, kenakanso nambala ina yopezeka pocotsa yoyambayo pa 255. Ngati mtolo ndi wa nambala 5, yotsatira iyenera kukhala 250; zikapanda kugwirizana, ndiye kuti waya wanama.

Kumapeto kwa mtolo kumakhala mboni. Cilembo ciriconse m'kompyuta ciri ndi nambala yace, cotero wotumiza amawonkhetsa manambala onse 128, nagawa ndi 256, ndipo cotsala ndico amalemba pothera. Wolandira nayenso amacita masamu omwewo payekha, monga kalaliki wa pa depoti amene sakhulupirira cikalata ca dalaivala mpaka atawerenga yekha matumba. Mayankho akafanana, amabweza cizindikiro cimodzi cochedwa ACK, kutanthauza kuti walandira. Akasiyana, amabweza NAK, ndipo mtolo womwewo umabweranso.

Pamene luso la a Christensen lionekera bwino ndi pa mafunso amene wolemba pulogalamu wopupuluma amaiwala. Kodi ayambe kulankhula ndani? Iwo anakonza kuti wolandira ndiye ayambe, potumiza NAK ndi kudikira masekondi 10, kubwereza-bwereza kufikira mnzake atadzuka. Nanga ngati mtolo wafika bwino koma yankho la ACK ndilo latayika panjira? Wotumiza, poyesa kuti sunafike, amautumizanso; wolandira amaona kuti nambala imeneyi anailandira kale, nabvomera, koma sausunganso kawiri. Zikakanika nthawi 10 zotsatizana, onse awiri amagonja m'malo momangodya ndalama za lamya usiku wonse.

Liwiro lace linali la kamba. Mtolo umodzi pamodzi ndi zizindikiro zace unali zilembo 132, ndipo unali kutenga masekondi oposa anai. Faelo ya zilembo 10,000 inafuna mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi, waya ukakhala wabwino.

Njirayi inali ndi zofooka zace. Zilembo ziwiri zikasinthana malo, kapena cimodzi cikakwera ndi 1 pamene cinzace catsika ndi 1, kuwonkhetsa kumapereka yankho lomwelo ndipo mtolo wobvunda umadutsa. Dzina la faelo ndi kukula kwace sizinali kutumizidwa, kotero kuti mtolo wotsiriza unali kungodzazidwa ndi zilembo zopanda nchito kuti ukwane 128. Ena anadzawonjezera masamu okhwima ochedwa CRC, ndipo Bambo Chuck Forsberg anatulutsa YMODEM, kenaka ZMODEM m'caka ca 1986, imene siima kudikira yankho pa mtolo uliwonse.

Komabe ya a Christensen ndiyo inafala koyamba, ndipo cifukwa cace sicinali ubwino wa masamu. Iwo anaipereka kwaulere kwa aliyense, ndiponso inali yaifupi kotero kuti mwini kompyuta ya mtundu wina anali kutha kuimvetsa ndi kuilembanso pa makina ace. Cotero makompyuta amene madisiki ao sanali kuwerengana, monga Apple II ndi Commodore 64, anayamba kupatsana mafaelo.

Bambo Christensen anamwalira mu October 2024. Akatswiri okonza zipangizo za intaneti amagwiritsirabe nchito XMODEM pamene makina afa pulogalamu yao ya m'kati, ndipo khomo lokhalo lotsala lolowetserapo yatsopano ndi kanthambo kamodzi.