Nthawi ya pa tebulo inenedwe poyamba, ndipo ikhale imodzi kwa onse

Pa tsiku la msika, dzuwa likafika paliwombo, malo odyera a m'matauni a m'malire monga Ulónguè, Zóbuè ndi Calómuè amadzaza mpaka pakhomo. Alimi amene abwera ndi kachewere, nyemba ndi kabichi kuchokera m'midzi ya Angónia ndi Tsangano amakhala atagulitsa katundu wawo, madalaivala a malole akudikira mapepala awo pa chipata cha malire, ndipo apaulendo atsika m'shapa ndi njala ya kuyambira mbandakucha. Onsewa amafuna mbale ya nsima ndi pokhala, ndipo amazifuna pa nthawi imodzi. Nsima imapezeka, koma mipando ndi yowerengeka, ndipo kusamvana kwa eni mabaraka ndi anthu odya kumayambira pamenepo.

Dandaulo la anthu a m'midzi ndi lakuti amathamangitsidwa asanakhute. Munthu akadali ndi mbamu m'manja, woperekera zakudya wafika kale ndi kansalu kopukutira tebulo, wakoka mbale ya ndiwo, waimirira pambali ndi kumamuyang'ana ngati wakuba. Palibe amene wanena kuti nyamukani, koma munthu wamkulu amamva. Amameza mofulumira, amalipira, ndi kutuluka ali ndi manyazi, ngakhale kuti ndalama yake ndi yathukuta ngati ya wina aliyense.

Nawonso eni malo ali ndi lawo. Amati alipo anthu amene amagula kapu imodzi ya tiyi ndi pau mmodzi, ndi kulumikiza foni yawo ku magetsi a m'barakamo, basi akhazikika maola atatu akudikira shapa yobwerera kumudzi. Ena amatha kudya bwinobwino, kenaka ayamba kukambirana za malire a munda kapena za chikwati cha mwana wa mlongo wawo, pamene anthu asanu aima pakhomo ndi ndalama m'manja, ndipo awiri atembenuka kale kupita ku baraka ya pafupi.

Dandaulo la eni malo siliyenera kunyozedwa, chifukwa masamu ake ndi oonekeratu. Mwachitsanzo, baraka ya matebulo 4, lililonse la mipando 4, imakhazika anthu 16. Malonda enieni a nsima amachitika kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko masana. Ngati aliyense akhala mphindi 30, mpando umodzi ulandira anthu 4, ndipo mayi wophika agulitsa mbale 64. Ngati aliyense akhala ola lathunthu, mbale zitsika kufika pa 32, pamene makala, ufa, mafuta, nyama ya mbuzi, lendi ndi malipiro a antchito sizinatsike. Nsima yotsala sigona kudikira mawa. Kwa mayi ameneyu tebulo, limene ena kuno amati meza, ndiwo munda wake, ndipo munthu wokhalapo chabe masana ali ngati ng'ombe yogona pa mbewu.

M'mizinda ikuluikulu ya kunja, monga London ndi New York, malo ambiri odyera adathetsa nkhaniyi poika nthawi. Munthu akamasungitsa tebulo amauzidwiratu kuti ndi lake kwa mphindi 90 kapena maola 2, kenaka lipatsidwa kwa ena. Mchitidwe umenewu udafala kwambiri m'chaka cha 2020, pamene matenda a Covid-19 adachititsa kuti matebulo atalikirane ndipo mipando ichepe. Kumenekonso anthu amadandaula nawo, koma chilipo chimodzi chimene amachita bwino: nthawiyo imanenedwa munthu asanaitanitse chakudya, ndipo wosafuna ali ndi ufulu wopita kwina. M'mabaraka a m'malire nthawi ya pa tebulo ilipo ndithu, kungoti siilembedwa paliponse. Ili m'mutu mwa mwini malo, ndipo imatalika kapena kufupika malinga ndi nsapato za munthu amene wakhala pampandopo.

Apa ndiye pali chilonda chenicheni. Dalaivala wa lole yochokera ku Beira kapena ku Johannesburg akhoza kukhala masana onse, miyendo atatambasula, palibe womuyandikira ndi kansalu. Wogwira ntchito m'boma akalowa, tebulo limapezeka ngakhale pamene panalibe, ndipo kawirikawiri limapezeka pochotsa mayi wa chitenje chofumbira amene wangoyamba kumene kudya ndi mwana wake. Eni malo amati dalaivala amagula zambiri ndipo abweranso sabata yamawa. Zimenezo ndi zoona. Koma mlimi wa ku Dómuè kapena ku Tsangano nayenso abweranso, msika uliwonse, chaka ndi chaka, ndipo pobwerera kumudzi amafotokoza kumene adalandiridwa bwino ndi kumene adachititsidwa manyazi. Malole amasintha njira pamene msewu waonongeka kapena katundu wachepa. Anthu a m'midzi yozungulira sasamuka, ndipo m'miyezi ya mvula, pamene apaulendo achepa, ndi iwowa amene amasunga moto wa m'khitchini kuti usazime.

Nkhaniyi imawawa kwambiri chifukwa cha mwambo wa kuno. Pakhomo pa Mchewa kapena Mngoni, munthu wakudya safulumizidwa, ndipo ngakhale wodutsa m'njira amaitanidwa kuti asambe m'manja. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa, choncho asamalidwe pa kanthawi kamene alipo. Anthu a m'maboma a m'malire amadziwa bwino za kukhala mlendo. Pa nthawi ya nkhondo anthu pafupifupi miliyoni imodzi a dziko lino adathawira ku Malawi, ambiri a iwo ochokera m'chigawo cha Tete, ndipo adayamba kubwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Roma la pa 4 Okutobala 1992. Amene adakhalapo pamzere wa chakudya m'misasa ya ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza safunika kuuzidwa mmene zimamvekera kupatsidwa chakudya mokankhidwa. Komabe baraka si pakhomo pa munthu. Mwambi womwewo umakumbutsa mlendo kuti mame amakamuka dzuwa likakwera, ndipo wodya amene amafuna ulemu wa pakhomo ayenera kukhalanso ndi manyazi a mlendo wa pakhomo, amene sadikira kuuzidwa kuti kwada.

Malamulo a dziko sali chete pa za ogula. Ndime 92 ya malamulo aakulu a dziko lino imapatsa wogula ufulu wolandira katundu ndi ntchito zabwino, ndiponso ufulu wouzidwa zoona za chimene akugula. Lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, lidabwera kudzalimbitsa zomwezo, ndipo pali bungwe la boma limene limayendera malo a malonda, kuphatikizapo malo odyera. Malamulowa sawerenga mphindi zimene munthu ayenera kukhala pa tebulo, koma mzimu wake ndi womveka: chimene wogulitsa akufuna kwa wogula chinenedwe malonda asanachitike. Mwini baraka amene akufuna kuti masana anthu asapitirire mphindi 30 kapena 40 alembe zimenezo pa bolodi pomwe amalemba mitengo, m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa momwe. Ndipo popeza ambiri mwa akuluakulu a m'midzi sawerenga, woperekera anene ndi pakamwa pomwe akubweretsa madzi osamba m'manja. Munthu wouzidwa poyamba sakwiya, chifukwa wasankha yekha kukhala. Wouzidwa nsima ili pakati ndiye amamva ngati wathamangitsidwa.

Nthawiyo iyambe kuwerengedwa pamene mbale yafika pa tebulo, osati pamene munthu wakhala pansi. Zimachitika kawirikawiri kuti nsima yatha mumphika, ndipo wophika wayamba kumene kutereka madzi ena pa mbaula. Wodya amadikira theka la ola akuyang'ana khoma, mbale ndi kufika, ndipo asanathe mtanda woyamba wayamba kale kuonedwa ngati wochedwetsa anzake. Kuchedwa kwa m'khitchini ndi mlandu wa mwini malo, ndipo sikoyenera kuti kulipiridwe ndi m'mimba mwa kasitomala. Chimodzimodzinso nkhani ya chenje. M'malire muno anthu amalipira ndi metikali, ena ndi kwacha, ndipo kuyambira pamene kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mikangano ya kasinthidwe ka ndalama pa tebulo siichedwa kubuka. Munthu wadya, wasamba, wakonzeka kupita, koma akhala mphindi zina khumi kudikira mnyamata amene wathamangira kumsika kukaphwanyitsa ndalama. Baraka imene imalemba mitengo m'ndalama zonse ziwiri, imasunga chenje kuyambira m'mawa, kapena imalandira malipiro a pafoni monga M-Pesa ndi e-Mola, imamasula mipando yake mofulumira popanda kukankha munthu.

Pakati pa mwini malo ndi wodya pamaima woperekera zakudya, amene nthawi zambiri ndi mtsikana kapena mnyamata wamng'ono wochokera m'midzi yomweyo. Bwana wake amamukalipira kuseri kuti bwanji tebulo lija silikumasuka, ndipo akapita kukanena, wodya amamulalatira kuti mwana wopanda mwambo. Pa chikhalidwe cha kuno, mwana kuuza munthu wa msinkhu wa atate ake kuti anyamuke ndi chinthu cholemera kwambiri, ndiye chifukwa chake ambiri amasankha njira ya kansalu ndi kukoka mbale, imene ili yoipa kuposa mawu. Ngati pafunika kupempha munthu wamkulu kuti apatse malo anzake, apite mwini malo yekha, ndipo apite ndi mawu a pakhomo: "Pepani bambo, taonani anzathu aima pakhomopo. Ngati mwatha, benchi ili panja pamthunzi, mukapumule pamenepo mpaka shapa ibwere." Mawu otere sagulidwa ndi ndalama, ndipo munthu wouzidwa chotero amanyamuka akuthokoza. Mwambo udapereka kale chizindikiro chaulemu: beseni ndi madzi osamba m'manja zikabwera kachiwiri, aliyense wokula bwino amadziwa kuti chakudya chatha. Zibwere munthu atasiya kudya yekha, osati kale.

Odya nawonso asinthe pa mmene amaitanira antchitowa. Kuimba mluzu, kumenya tebulo ndi supuni kapena kufuula kuti "iwe" sikufulumizitsa nsima. Mtsikana amene wanyamula mbale kuyambira m'mawa ndi mwana wa munthu, ndipo mawu akuti "achemwali" kapena "achimwene" amatsegula manja ake kuposa ukali. Munthu amene watha kudya ndipo akuona anzake ataimirira ndi mbale m'manja asadikire kupemphedwa. Amene wakhala yekha pa tebulo la anthu anayi asaike thumba lake la feteleza pa mpando wina ndi chipewa pa winanso. Kudyera tebulo limodzi ndi munthu wosamudziwa si chachilendo kwa anthu amene adakulira pa mbale imodzi.

Mbali yaikulu ya vutoli si ya kudya konse ayi, koma ya kusowa pokhala. Wochokera kumudzi wopanda magetsi amafuna kutchajitsa foni, wodikira shapa amafuna mthunzi, ndipo m'matauni ambiri a m'malire malo okwerera galimoto alibe denga lokwanira kapena mipando. Baraka ndiyo imasanduka pothawira dzuwa ndi mvula. Eni malo ena adaona kale zimenezi ndipo adaika benchi pakhonde, ndi kumalipiritsa kandalama kochepa kotchajira foni padera, kotero kuti wodikira sakhalanso pa tebulo la odya, ndipo nthawi zina amagulanso chakumwa akudikira. Akuluakulu a maboma ndi a misika, amene amatolera msonkho kwa ogulitsa tsiku ndi tsiku, ali ndi gawo lawo pomanga mashedi ndi mabenchi m'malo okwerera shapa, kuti katundu yense wa apaulendo asagwere pa mayi wa matebulo anayi.

Alipo ena amene nthawi ya pa bolodi isawakhudze. Nkhalamba yopanda mano siingathe nyama ya mbuzi pa mphindi zimene mnyamata wa kabaza amathera. Mayi wodyetsa mwana amadya kawiri, poyamba mwanayo kenaka iye. Wochokera kuchipatala amene wangomwa mankhwala amafunika kukhala pang'ono asanakwere galimoto ya msewu wa mabampu. Anthu otere mwini malo amawaona ndi maso, safunika kufunsa. Ndipo nthawi ya masana ikadutsa, 3 koloko yakwana, mipando ili mbwee, palibe chifukwa chovutitsira munthu wa kapu imodzi ya tiyi. Akhale mpaka shapa yake ilize hutala.