Ndalama za Maloya a Boma Zikumbukire Msodzi wa ku Kachulu

Msodzi wa pa doko la Kachulu akagula sopo, shuga kapena mafuta, amapereka msonkho ngakhale kuti sapatsidwa chiphaso chake. Mbali ina ya msonkho umenewo ndiyo imalipira maloya amene Boma limalemba ntchito. Nchifukwa chake anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, ayenera kudziwa mmene ndalamazi zimayendera ndiponso amene zimamutumikira.

Maloya a Boma ali m'maofesi atatu akuluakulu. Ofesi ya Loya Wamkulu wa Boma imalangiza Boma ndi kuliyimira likasumiridwa. Ofesi ya Mkulu Wozenga Milandu imaimba mlandu anthu oganiziridwa kuti aphwanya lamulo. Yachitatu ndi Legal Aid Bureau, imene imayimira anthu osauka. Iyi inayamba ntchito m'chaka cha 1964 ngati nthambi ya Unduna wa Zachilungamo, ndipo kuyambira 2015 ikugwira ntchito ngati bungwe loima palokha, lokhala ndi ofesi ku Zomba. Maofesi awiri oyambawo amayankhulira Boma. Msodzi akagwa m'mlandu, yake ndi yachitatuyi basi.

Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 likunena kuti munthu woimbidwa mlandu apatsidwe loya wolipidwa ndi Boma pamene chilungamo chifuna kutero. Mawu amenewa sanalembedwe mwangozi. Kuyambira 1969 mabwalo a mafumu a m'zigawo anapatsidwa mphamvu zoweruza milandu yakupha, ndipo maloya sankaloledwa kuyankhulamo. Malemu Orton Chirwa, amene anaphunzira zamalamulo ku London, anaweruzidwa kuti aphedwe pamodzi ndi mayi Vera Chirwa m'chaka cha 1983 popanda loya wowayimira. Iwo anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992.

Ndende yomweyo inaonetsanso phindu la loya. M'chaka cha 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, Bwalo Lalikulu linagamula kuti nkosemphana ndi malamulo kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha popanda kumva zochepetsa chilango. Kuyambira 2015 akaidi oposa 100 anamvedwanso, maloya atasonkhanitsa umboni wochokera kumidzi kwawo, ndipo ambiri anamasulidwa. Anthuwo anali omwewo, milandu inali yomweyo. Chimene chinasintha nchakuti tsopano panali wowayankhulira.

Tsono taonani mbali inayi. M'chaka cha 2020 bungwe loyendetsa chisankho linapangana ndi maloya a ku South Africa kuti aliyimire pa apilo ya mlandu wa chisankho cha 2019 pa mtengo wa madola 788,500. Mkulu wa Oweruza sanawalole kuyimira mlanduwo, ndipo anthu ambiri anadziwa za mtengowu pokhapokha mgwirizanowo utaululika. Sitikunena kuti kulemba loya wapadera nkulakwa, pakuti milandu ina imafunadi luso limene m'maofesi a Boma mulibe. Cholakwika nchakuti mitengo yotere ipanganidwe kuseri, pamene munthu wa pa chilumba cha Chisi akukhala miyezi pa limandi kudikira loya mmodzi wosenza milandu yochuluka.

Ku England, Loya Wamkulu wa Boma amasunga mndandanda wa maloya apadera m'magulu atatu, A, B ndi C, malinga ndi luso lawo. Ofuna kulowamo amapikisana poyera, ndipo malipiro a pa ola a gulu lililonse ngodziwika kwa onse. Palibe chovuta m'njira imeneyi chimene Malawi angalephere kuchita.

Ife tikupempha zinthu zitatu. Choyamba, loya aliyense wapadera wolembedwa ndi Boma kapena mabungwe ake asankhidwe pa mndandanda wodziwika, pa mtengo wolembedwa, ndipo Nyumba ya Malamulo izilandira lipoti la ndalamazo chaka ndi chaka. Chachiwiri, loya woyimira munthu wosauka azilipidwa msanga ntchito ikatha, chifukwa wodikira malipiro mpaka kalekale amaika mlandu wa mmphawi pansi pa mafailo ena onse. Chachitatu, ndalama za ulendo ziziwerengeredwa m'malipirowo. Mboni za msodzi sizikhala m'tauni ya Zomba. Zili ku Kachulu, ku Chisi ndi m'zimbowera zoyandama pakati pa mabango, kumene munthu amafikako pa bwato. Loya wopanda mafuta a galimoto ndi ndalama ya bwato amalowa m'bwalo chimanjamanja.

Makolo athu anati mlandu suwola. Nzoona, koma munthu woudikira amafooka, maukonde ake amawola, ndipo ana ake amasiya sukulu. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, ndipo anthu ake anapirira podziwa kuti mvula salamulidwa ndi munthu. Koma malipiro a maloya amalamulidwa ndi anthu okhala m'maofesi. Aphungu a boma la Zomba afunse mafunso amenewa pokambirana ndondomeko ya chuma, ndipo mafumu auze anthu awo kuti ofesi ya Legal Aid ndi yawo.