Ogawa Madzi ku Thyolo Akhale Pansi Pamodzi

Kodi munayamba mwawerengapo kuti ndi angati amene amagawa madzi m'boma lathu lino la Thyolo? Ku Bvumbwe mipopi ndi ya Blantyre Water Board. Pa Boma ndi ku Luchenza ndi ya Southern Region Water Board. Maesiteti a tiyi ali ndi madamu ndi mapaipi awoawo. M'midzi muli mijigo imene anakumba aboma ndi mabungwe othandiza, ndipo imayang'aniridwa ndi makomiti a m'midzi momwemo. Onsewa akugwira ntchito yofunika, koma kawirikawiri aliyense amakonza zake payekha. Ine monga woyang'anira zaukhondo ndikuona kuti mchitidwe umenewu ukudwalitsa anthu.

Kachirombo koyambitsa kolera sikadziwa malire a esiteti. Mayi wothyola tiyi amamwa madzi abwino a pampopi masana ali kuntchito, koma madzulo akabwerera kumudzi kwake amakatunga pachitsime chosasamalidwa cha kudambo. Mwana wake akayamba kutsekula m'mimba, mayiyo sapita kumunda. Amabwera kuno kuchipatala. Esiteti yataya wantchito, banja lataya malipiro a tsikulo, ndipo chipatala chawononga mankhwala pa matenda amene akanapewedwa ndi mpopi umodzi wokha. Mliri wa kolera unayamba m'mwezi wa Marichi 2022. Pofika kumapeto kwa 2023 unali utapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno. Sunafunse kuti madzi awa ndi a yani.

Poyendera midzi ndimaona zodabwitsa. Mudzi wa m'mbali mwa msewu uli ndi mijigo iwiri yoyandikana, chifukwa mabungwe awiri anabwera nthawi zosiyana osafunsana. Mudzi wa kuseri kwa phiri, kumene galimoto lokumbira limavutika kufika, ulibe ndi umodzi womwe. Kwina paipi yaikulu imadutsa pakati pa nyumba, amayi akumva madzi akuyenda pansi pa mapazi awo, ndowa zili zouma pamutu. Kodi tidabwe munthu akaboola paipi yotere usiku? Sindikuvomereza kuba ayi, pakuti pobooledwapo ndi pamene pamalowera zonyansa zimene zimadwalitsa onse a kutsogolo. Koma mlandu wake umayambira pa tsiku limene anajambula njira ya paipiyo osafunsa eni mudzi.

Anzathu a ku Mulanje anatiphunzitsa kanthu. Mzinda wa Blantyre umadalira madzi a mu Shire, amene amapopedwa ku Walker's Ferry ndi kukwezedwa mtunda wautali ndi makina a magetsi. Ntchito imeneyi imadya ndalama zambiri. Motero Blantyre Water Board inaganiza zotenga madzi ena mu mtsinje wa Likhubula pa phiri la Mulanje, ndi ngongole yochokera ku India, ndipo ntchitoyo inatha mu 2019. Koma isanathe panali mkangano waukulu. Anthu a ku Mulanje anafunsa: nanga ife eni phiri tipindulapo chiyani, ndipo mitengo imene inatha pa phiripo adzabzale ndani? Mafunso ake anali oyenera, ndipo akanayankhidwa pachiyambi sipakanakhala kukokanakokana konse kuja.

Ena adzati mabungwe a madzi ndi amalonda, ayenera kugulitsa madzi kuti alipire magetsi ndi mankhwala. Adzatinso esiteti si boma kuti izimwetsa mudzi uliwonse. Ndikuvomera. Koma onsewa amatunga m'mitsinje imodzimodzi. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo itatha, akasupe anachepera aliyense, mwini damu ndi mwini chitsime yemwe. Namondwe Freddy atafika mu Marichi 2023, matope sanasankhe paipi ya yani. Ngakhale lamulo la za madzi la 2013, limene linakhazikitsa National Water Resources Authority, limafuna kuti wotenga madzi ambiri mumtsinje akhale ndi chilolezo, chifukwa mtsinje si wa munthu mmodzi.

Chimene ndikupempha si chachilendo. Kuyambira mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba, ndipo pambuyo pake ku Mulanje, anthu a m'midzi anakumba okha ngalande, boma n'kupereka mapaipi ndi amisiri, madzi n'kumatsika okha kuchokera kuphiri popanda injini. Zinatheka chifukwa anayamba agwirizana kuti mpopi uliwonse ukhale pati. Ku khonsolo ya boma lathu kuli kale komiti yoona za madzi ndi ukhondo. Ogawa madzi onse, aakulu ndi aang'ono omwe, azifika kumeneko chilimwe chisanayambe, atanyamula mapu awo, kuti paoneke poyera mudzi umene watsalira. Woyeza madzi ake azidziwitsa chipatala chapafupi zimene wapeza, ifenso tiziwauza msanga tikaona odwala m'mimba akuchuluka kuchokera dera limodzi. Ndipo pamene paipi ya esiteti yadutsa pafupi ndi mudzi, akambirane zoika mpopi kunja kwa mpanda, pa mtengo umene onse agwirizana.

Inu amayi ndi abambo amene mukuwerenga muli pamzere wodikira sikelo kapena mankhwala, mbali yanu ilipo. Alendo akabwera kudzakumba mjigo, musangoombera m'manja. Afunseni pamaso pa a mfumu ngati adzera ku khonsolo, ngati zipangizo za mjigowo zimapezeka m'sitolo zapafupi, ndiponso amene adzaukonze ukawonongeka. Onetsetsani kuti uli mamita osachepera 30 kuchokera pa chimbudzi chilichonse, ndipo ukhale kumtunda kwake. Ngati mudzi wanu ukumwabe kudambo, uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti dzina la mudziwo likafike ku komiti ija. Podikira, wiritsani madzi akumwa kapena thiranimo mankhwala a kolorini monga mwa muyezo umene mlangiziyo akuuzeni, ndipo asungeni mu mtsuko wovindikira bwino.