Roboti ya m'bokosi, motoka ya mawaya ya ku Chinyunyu

Anzanga a mu komboni, manje kuli zidole zimene mwana saloledwa kugwira. Wogula ni mdala wa ndevu zake, wa nchito yake, ndipo akagula satsegula ngakhale bokosi. Amaika pa shelufu, kujambula, kuponya pa Facebook, basi. Zidolezi ni ma Transformers, maroboti aja amene ukapinda mwendo uku, dzanja uku, mutu n'kulowa mkati, wapeza yasanduka motoka.

Ambiri a ife tinawadziwira mu filimu ya Michael Bay ya 2007, mmene Bumblebee anali Chevrolet Camaro ya yelo. Koma zidolezo n'zakale kuposa filimuyo. Kampani ya Hasbro ya ku America inayamba kuzigulitsa mu 1984, itatenga mapangidwe ake ku kampani ya Takara ya ku Japan. Nthawi imeneyo Bumblebee anali ka Volkswagen Beetle chabe.

Ana amene anasewera nazo mu 1984 lero ni madala a ndalama, ndipo Hasbro ikudziwa. N'chifukwa chake inayamba kutenga mamotoka otchuka a m'mafilimu akale n'kuwasandutsa maroboti. Mu 2019 kunatuluka Ectotron, yochokera ku Cadillac ya 1959 ya mu Ghostbusters, ija yooneka monga ambulansi yosakanikirana na motoka ya maliro. Mu 2020 kunabwera Gigawatt, imene ni DeLorean ya mu Back to the Future, filimu ya 1985, motoka ya zitseko zotsegukira kumwamba monga mapiko. Poyamba anatulutsa 1,985 chabe, iliyonse na nambala yake, ndipo zinatha monga vitumbuwa vya m'mawa. Zopanda nambala zinabwera pambuyo. Mu 2024 anawonjezera Agent Knight, yochokera kwa KITT, Pontiac yakuda yokamba ya mu Knight Rider ya pa TV.

Dzina la Gigawatt lili na nkhani yake. Mu filimumo Doc Brown amati motokayo ifunika magetsi okwana magigawati 1.21 kuti ilumphe zaka. Kariba North Bank yonse, makina onse akuzungulira, imapereka mamegawati 1,080. Ndiye kuti ngakhale madzi atadzaza damu, sitingailize. Ise amene timachaja foni ku barbershop tikhale chabe mu chaka chathu chino.

Chosekesa n'chakuti DeLorean yeniyeni inali bizinesi yolephera. Anapanga pafupifupi 9,000 chabe, kufupi na Belfast ku Northern Ireland, kampani n'kugwa mu 1982. Filimu ndiye inaiukitsa. Munthu wogula Gigawatt sagula pulasitiki iyayi, agula tsiku lija atate ake anam'tenga kukaona filimu ali na zaka teni.

Apa ndiye pali vuto langa na ba guy ena amene ayamba kuzifunafuna muno mu Lusaka. Chikumbutso chimenecho si chathu. Ndani mu Kanyama anakula akulota DeLorean? Ngati umakonda chabe maonekedwe ake ndipo thumba lilola, gula, ni ndalama zako. Koma wina akakuuza ati "iyi ni investment, mawa izakwera mtengo," mufunse kuti uzagulitsa kwa ndani. Ku America kuli anthu maningi ofunana zinthuzi, amachita na misonkhano yake. Kuno ukasowa ya lendi, uzaima nayo roboti yako pa City Market mpaka dzuwa kulowa, munthu n'kukupatsa mtengo wa chidole cha mwana.

Ndiponso gong'a ni yambiri. Yeniyeni imakhala na dzina la Hasbro kapena Tomy lodindidwa pa pulasitiki penipeni, osati pa bokosi pokha. Mfundo zake zimagwira, ukaimika imaima. Ya gong'a imapepuka, penti imatuluka m'mizere, ukaipinda kawiri mwendo uli m'manja. Osatumiza mobile money kwa munthu wa pa WhatsApp amene wakuonetsa chithunzi chotenga pa intaneti. Muuze ajambule chidolecho chili m'manja mwake, kumbuyo na kutsogolo. Nzeru ina ni milu ya zidole za salaula ku Soweto. Mmenemo nthawi zina mumagwa zenizeni, zosowa mfuti kapena chitseko chimodzi, pa mtengo woti sulira nawo. Wosunga m'bokosi sangazifune, koma mwana wako azasangalala.

Manje tiyeni tichoke mu tauni, tigwire Great East Road. Ukadutsa Chongwe, usanafike pa boma la Rufunsa, pali Chinyunyu. Ambiri timapadziwa chifukwa cha madzi otentha otuluka pansi pafupi na msewu, pamene anthu amaima kujambula maselfie, na masaka a malasha ondandalikidwa m'mbali. Ine chimene chimandikoka maso kumeneko ni china: tunyamata toyendetsa mamotoka a mawaya m'mphepete mwa tala.

Tayang'anitsitsani imodzi. Thupi lonse ni waya wopindidwa na manja na mwala. Polumikiza amamanga na malegeni odula ku chubu chakale. Mawilo ni tuzitini twa polishi ya nsapato kapena zotsekera mabotolo, bodi nthawi zina ni paketi ya Shake Shake. Kuchoka kutsogolo kumakwera waya wautali mpaka pa chifuwa cha mwini wake, kumapeto kwake chiwongolero chozungulira. Ndipo chiwongolerocho si chokongoletsa: akapotoza, mawilo akutsogolo amakhotadi. Mwana wa giredi faifi wapanga steering yogwira nchito popanda buku, popanda YouTube.

Ana amenewa sakopera filimu. Filimu yawo ni msewu. Tsiku lonse pamadutsa mathiraki opita ku Chipata, ku Malawi kudzera pa Mwami, ku Mozambique kudzera pa Chanida, mabasi aakulu, ma Canter olemedwa na malasha mpaka kupendekeka. Zimenezo ndiye zimatuluka m'mawaya: thiraki na ngolo yake yomasuka, mawilo awiriawiri kumbuyo, ka galasi ka m'mbali. Ikatopetsa, amaimasula, waya womwewo mawa wasanduka basi. Hasbro imakupatsa zinthu ziwiri m'chidole chimodzi, roboti na motoka. Waya wa ku Chinyunyu ulibe malire.

Kunja anaziona kale. Mu 1990 mayi wina wa ku America, Karen Lynn Williams, analemba buku la ana lotchedwa Galimoto, nkhani ya mnyamata wa ku Malawi dzina lake Kondi amene amazungulira mudzi kufunafuna mawaya. Ana a ku America amaliwerenga mpaka lero. Ku Johannesburg anyamata amagulitsa zinthu za mawaya na mikanda pa marobot a msewu, ndipo amadyera momwemo. Muno mwathu, pitani ku Kabwata Cultural Village kapena pa msika wa pa Sande ku Arcades muone amene amaima pa zosemasema na zopindapinda: ambiri ni alendo. Ise eni ake timaona monga ni vinyalala. Mwana akakula, amayi amataya motoka yake ku dzala pamodzi na mapoto obooka.

Ndipo luso likuchepa, osanamizana. Mu komboni mwana akalira timam'patsa foni, kapena timagula ka pulasitiki ka ku Kamwala kamene kamathyoka tisanafike na kunyumba. Sindinena kuti kale zonse zinali bwino. Mipanda ya anthu inavutika na ise, ndipo mahang'ala a zovala anali kusowa m'nyumba modabwitsa. Koma pitani ku Kalingalinga, pa Alick Nkhata Road, mufunse amisiri owotcherera mageti kuti chinthu choyamba kupanga m'moyo wawo chinali chani. Ine nabetcha pa waya.

Ngati nkhani ni mamotoka okumbutsa kale, ise tilibe athu? Tili nawo, ochuluka. Mabasi a UBZ amene makolo athu amasimba, kampaniyo isanatsekedwe m'ma 1990. Ma Fiat amene anali kumangidwa ku Livingstone. Land Rover ija ili pa Chilenje House 394, imene ba Kaunda na anzawo anayendera pomenyera ufulu. Peugeot 504 ya ba ankolo imene inali kunyamula banja lonse na mbuzi yomwe. Ka Hiace ka buluu, na Rosa ya pa Kulima Tower. Zimenezi ukaika pa shelufu, mlendo aliyense wolowa m'nyumba ayamba nkhani, sufunika kumufotokozera kuti Doc Brown ni ndani.

Palibe fakitale ya kunja imene izatipangira Rosa yosanduka roboti, msika wathu ni waung'ono kwa iwo. Amene angatipangire ni aja ali na pulayazi na waya m'manja. Mukaima pa Chinyunyu weekend ino ndipo motoka ya mwana yakugwirani mtima, osaitenga na ma sweet awiri monga mwam'chitira chifundo. Pezani makolo ake, mukambirane mtengo wa nchito ya masiku angapo, mum'funse ngati angapange ina mwa oda. Ine oda yanga ni Hiace, ndipo nifuna ikhale na ka kondakita kolendewera pa chitseko.