FACIM ku Ricatla: mlimi wa ku Angónia amapindulapo chiyani?

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa Ogasiti, bwalo la Ricatla m'boma la Marracuene limadzaza anthu kwa sabata yathunthu. Kumeneko ndi kumene kumachitikira FACIM, chionetsero chachikulu cha zamalonda m'dziko la Mozambique, chimene nthawi zambiri amatsegulira ndi mtsogoleri wa dziko.

Chionetserochi chinayamba mu 1964, m'nthawi ya Apwitikizi, mzinda wa Maputo ukutchedwa Lourenço Marques. Dzina lake lakale linkatchula ulimi ndi ziweto poyamba, kenako malonda ndi mafakitale. Kwa zaka zambiri chinkachitikira mkati mwa mzinda, pafupi ndi nyanja, mpaka mu 2011 pamene chinasamukira ku Ricatla, makilomita pafupifupi 30 kumpoto kwa Maputo, potsata msewu wa N1. Masiku ano amayendetsa ndi bungwe la boma la APIEX, lomwe limalimbikitsa malonda otumiza kunja.

Anthu a ku Marracuene phindu amaliona ndi maso. Sabata imeneyo amayi amagulitsa zakudya, ma chapa amanyamula anthu tsiku lonse, achinyamata amapeza maganyu. Koma kuchokera ku Tete kukafika kumeneko ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500, ndipo mlimi wamba wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga sangakwanitse kulipira yekha mayendedwe ndi malo ogona.

Zokolola zake zokha ndi zimene zingakafike, chifukwa chigawo chilichonse chimakhala ndi malo ake oonetserapo. Tete ili ndi zoti ionetse: mbatatesi, nyemba, soya, chimanga, komanso nyama ya mbuzi yodziwika ndi dzina loti Cabrito de Tete. Vuto ndi loti mtengo umene mlimiyo amalandira sukambidwa ku Ricatla. Umakambidwa pamunda kapena pamsika wa m'malire ngati ku Calómuè, kumene mavenda amagula thumba limodzilimodzi, nthawi zina ndi makwacha a ku Malawi, mlimi ali pachangu chofuna ndalama ya feteleza.

Wogula wamkulu amene wakonda mbatatesi pachionetsero amafunsa zinthu zitatu: matani angati, mwezi uti, ndipo asayina ndi ndani. Mlimi mmodzi sangayankhe mafunsowa. Gulu la alimi lolembetsedwa, lodziwa kuchuluka kwa zokolola za mamembala ake, lingayankhe.

Choncho ntchito ya FACIM imayambira kumudzi, miyezi ingapo chionetsero chisanafike. Magulu a alimi afunse ku ofesi ya SDAE ya boma lawo kuti ndani akasankhidwe kupita, zitsanzo za mbewu zichokere kwa yani, ndipo nambala za ogula zikabwera zidzaperekedwe kwa ndani. Popanda zimenezi, mbatatesi ya ku Angónia idzayamikiridwa ku Marracuene, koma mwini wake adzagulitsabe pamtengo wa venda.