Injini Ikayamba Kutsokomola

Mwezi uno ndilankhula ndi eni magalimoto a kuno kwa Shikabeta, pakuti galimoto imodzi pamudzi ndiyo ambulansi ya ife tonse.

Dzinja lathali tinanyamula mai wodwala usiku kupita naye ku cipatala ca Mpanshya. Pa citunda coyamba galimoto inayamba kunjenjemera, mphamvu n'kutha, kumbuyo kukumveka phu! phu! Tinafika mbandakuca. Mwini wake anaulula kuti injini inayamba kutsokomola milungu itatu m'mbuyomo, iye n'kumati idzapola yokha.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu m'silinda iliyonse: mafuta, mpweya ndi moto. Cimodzi cikasowa, silindayo imaphonya, zinzake n'kumakoka zokha. Pa galimoto zakale kupeza yolakwayo sikulira ndalama. Injini ikulira pang'onopang'ono, zulani waya wa pulagi umodziumodzi ndi pulayala ya zogwirira za mphira, pakuti moto wake umaluma. Kulira kukasintha, silindayo ili moyo, bwezerani waya. Mukazula koma osamva kusintha, nthenda ili pomwepo.

Masulani pulagiyo, muyang'ane kumutu kwake. Mwaye wakuda wouma usonyeza kuti petulo wacuruka kapena sefa ya mpweya yatsekeka, ndipo fumbi la mseu wathu mulidziwa. Ikanyowa ndi oilo, zatha ndi za m'kati, monga maring'i a pisitoni. Apo pitani kwa makanika ku Chongwe, musataye ndalama pa mapulagi atsopano. Mawaya musawazule onse pamodzi: injini zambiri za masilinda 4 zimayaka motsatana 1-3-4-2, ndipo kusemphanitsa mawaya awiri kumadwalitsa injini yabwinobwino.

Koma ife cinatigwetsa usiku uja ndi petulo wa m'zigubu. Titathira pang'ono m'botolo loyera, madzi anakhala pansi, petulo pamwamba. Wogula sindimdzudzula, pakuti pampu ili kutali. Ndingoti cigubu cikhale kanthawi cisanathiridwe, petulo asefedwe pa nsalu yoyera, ndipo wotsalira pansi asalowe m'thanki.

Galimoto za masiku ano musazizule mawaya. Nyali ya injini ikamaphethira, imani, cifukwa petulo wosapsa amatentha catalytic converter, ciwiya ca mtengo wapatali. Makanika amalumikiza kamakina kake. Kakalemba P0301, yolakwa ndi silinda yoyamba.