Waya wa Mapulagi Awili Ucoke m'Makomboni Mwathu

Kucokela mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anayamba kupita maola opitilila 20 pa tsiku m'madela ena, jeneleta yalowa paliponse: ku babashopu, ku saluni, ku bucha, na m'nyumba za lendi. Sitingaimbe mlandu munthu wogula jeneleta, cifukwa nyama ya mu filiji siyembekezela kuti malaiti abwele. Cimene tikukana ni mmene ambili a ife tikuilumikizila ku nyumba.

Tonse tiudziwa waya uja wokhala na pulagi uku na uku. Mbali imodzi mu jeneleta, ina mu soketi ya pa cipupa, basi nyumba yonse yawala. Amene amaupanga amayamikilidwa kuti ni ocenjela. Ise tikuti waya umenewo ni msampha. Jeneleta ikalila, mano a pulagi yacibili ali na ma volti 230, ali poyela, ndipo mwana angawagwile. Komanso malaiti sathela m'nyumba mwanu. Ngati main switch ili yoyatsa, amatuluka kupitila pa mita, nʼkulowa mu laini ya ZESCO, kwa aneba, mpaka ku transifoma. Transifoma imasewenza mbali zonse ziwili. Imene imatsitsa ma volti 11,000 kuti afike kwa inu ingakwezenso 230 yanu kufika masauzande. Wanchito amene wakwela pa polo atauzidwa kuti laini ni yozima ndiye angafe, ndipo sanaoneko na jeneleta yanu.

Yankho timalidziwa kale: "Ine nimazima main switch coyamba." Inu mumazima, nanga mng'ono wanu amene mwamutuma usiku? Nanga tsiku limene mwabwela wolema, kapena mutamwako? Moyo wa munthu sungadalile kuti wina asaiwale kwa miyezi yonse ya load shedding. Ndiye cifukwa cake kuli changeover switch. Inapangidwa kuti nyumba itenge malaiti ku ZESCO kapena ku jeneleta, osati konse kuwili nthawi imodzi, olo mutafuna. Mtengo wake ni wocepa kwambili poyelekeza na jeneleta imene munakwanitsa kugula, conco nkhani yakuti ndalama zavuta apa siigwila.

Manje tikambe za earth, pamene ngakhale oika changeover amaphonya. Ambili aganiza kuti kukhomela kacitsulo ka kumanga nako pansi na kumangililapo waya ndiye kuti zatha. Nthambo ya gilini na yelo ili na nchito yake: waya wamoyo ukakhudza citsulo ca filiji kapena ca stovu, malaiti apeze njila yosavuta yobwelela kumene acokela, kuti earth leakage izime mwamsanga. Iyo imazima ikaona kuti ma milliamp 30 cabe athawa. Koma kuti athawe, njila iyenela kukhala yathunthu, kutanthauza kuti neutral na earth zikumane pamalo amodzi. Pa malaiti a ZESCO, neutral inalumikizidwa kale ku nthaka ku transifoma. Changeover ikadula live na neutral zonse, nyumba yanu yasiyana na cilumikizo cija. Majeneleta ang'onoang'ono ambili amabwela neutral yake ili yosalumikizidwa ku thupi la makina. Zikatelo filiji ingakhale na vuto, earth leakage ili zii, imwe osadziwa kanthu, mpaka vuto lacibili litapezeka padzanja la munthu.

Apa wina adzati, ndiye tingomanga neutral ku earth tekha. Ayi. Ngati changeover yanu siidula neutral ya ZESCO, cilumikizo cacibili cipangitsa malaiti kuyenda mu nthambo ya earth nthawi zonse. Ndipo majeneleta ena anapangidwa mwakuti waya aliyense mwa awili aja ali na ma volti pafupifupi 115 kuyelekeza na thupi la makina. Kumanga umodzi ku earth pa jeneleta yotelo ni kuiocha. Izi sizidziwika na maso, zifuna mita na munthu wodziwa kuiwelenga.

Ndodo ya earth nayo ikhale yeniyeni, yokutidwa na kopa, yolowa pansi kupitilila mita imodzi, yomangidwa na kilampu osati waya wopotokola na pulayasi. Ku Kanyama na madela ena a Lusaka mwala uli pafupi, ndodo imakana kulowa, ndipo ena amangoidula na kukwilila. Mu October nthaka ikauma gwa, ndodo yaifupi siigwila nchito bwino. Paipi ya madzi nayo musaidalile, zambili masiku ano ni pulasitiki.

A landilodi, nkhaniyi ikukhudzani kwambili. Pa yadi imodzi pali mabanja asanu, bodi imodzi, ndipo wa lendi mmodzi akalowetsa jeneleta mu soketi, onse alowa m'ngozi imene sanasankhe. Ogulitsa majeneleta nawonso amapeleka lisiti, mafuta a injini na waranti, koma za changeover na earth sakambapo. Kukamba mau awili cabe pa kauntala sikungawagwetse bizinesi.

Ise acinyamata ndise timatumidwa kukaliza jeneleta, ndise tili na mabizinesi ang'onoang'ono amenewa, ndipo anzathu ndiwo anaphunzila zamagetsi ku makoleji a TEVETA koma akusowa nchito, pamene ya kulumikiza tikupatsa aliyense amene ali na tester m'thumba. Woika akabwela, mufunseni pepala lake. Mufunseni ngati changeover idula neutral, na pamene neutral ikumana na earth jeneleta ikamalila. Asanapite, alize jeneleta, ayese earth leakage na cipangizo coyesela pa soketi muli kuona, ndipo izime. Ikapanda kuzima, nchito sinathe, ndalama yotsala musapeleke.